Rauta Yofunda Nsalu

Madala a kuseri kwa mpanda wa Deolinda, ku Chingodzi mumzinda wa Tete, amafunditsa chilichonse chimene amachikonda. Wailesi ili ndi kansalu kake, laputopu imagona m'chitenje, ndipo rauta ya intaneti imene anawagulira mwana wawo imafunda nsalu yopeta ya malemu akazi awo. "Chinthu chaulemu sichikhala maliseche," amatero.

Lamlungu lililonse amakhala pansi pa msawu ndi laputopuyo, n'kumaseka ndi adzukulu awo a ku Beira mokweza ngati ali pamsika. Deolinda amamva zonse akuchapa, mtima ukumuwawa.

Tsiku lina dzuwa litakwiya, kuseka kuja kunangoti zii. Deolinda anamwetulira. Posakhalitsa anamva kuitana.

"Vizinya, aneba anga, tabwerani! Rede ya intaneti yathawa, laputopu ikungozungulira."

Anapita mokoka miyendo. Pa laputopu sanapezepo cholakwika, koma atakhudza rauta anabweza dzanja msanga. Inali kutentha ngati simbi.

"Mukuiphikatu, baba! Kutentha kwa Tete kuno, inu n'kumaifunditsa?"

Anachotsa nsalu, nazula chingwe, nadikira kuti izizire. Atalumikizanso, nkhope za adzukulu zinadzaza galasi la laputopu zikukuwa kuti, "Vovo! Agogo!" Madalawo anaiwala ndi kuthokoza komwe.

Deolinda anabwerera kwake. Rauta yake imakhala pamphepo, rede yake siithawa. Anayang'ana pa foni dzina la mwana wake wa ku Matola, amene sanaimbepo chichokereni Pasaka. Kuseri kwa mpanda kuseka kunali kutayambiranso.

"Ndikanangoisiya ipse," ananong'ona.