Bokosi la Mavoti Ndinagwira Ndine

Lero powerengera mayeso ndakumana ndi nkhani ya chisankho cha bwanamkubwa ku America nthawi ya ukapolo, ndipo ndakumbukira pulayimale yathu ku Hanley.

Aphunzitsi anatichititsa chisankho chomwecho mongoyerekezera. Mnyamata wina ankaimira ofuna ukapolo, wina okana. Ine, wakuda ndekha m'kalasimo, anandipatsa katoni yonunkhira nthochi kuti anzanga aziponyamo mavoti.

"Iwe suvota," anatero akumwetulira. "Anthu akwanu sankavota."

Ndinkaona ngati andipatsa udindo. Wofuna ukapolo analonjeza maswiti n'kupambana, inenso ndinaomba m'manja.

Kunyumba ndinawafotokozera amayi monyadira.

"Ndiye wavotera ndani, mwanawe?"

"Palibe, mami. Akuti ife sitivota."

M'mawa mwake tinapita limodzi kusukulu. Amayi atadandaula za nkhaniyi, amene analira ndi aphunzitsiwo, eti amayi awakhumudwitsa. Misozi yawo imandinyansabe mpaka pano.