Sizinali ziwanda, Achimwene

Achimwene, lero tayala laphulika pa Biwi ndipo ndakukumbukirani. Chichitikireni ngozi ya minibasi ija, phokoso lotere linkakugwetsani pansi mukunjenjemera. Tsiku lina pamsika anthu anakuzungulirani n'kuyamba kutulutsa ziwanda. Munandigwira mkono n'kunong'ona kuti, "Tadala, auze asiye kukuwa, akungowonjezera." Mpaka tinakuikani m'manda anthu akunenabe za ziwanda.

Munkanena zoona. Mlangizi wa kuchipatala wandifotokozera kuti ubongo ndi mitsempha zikadzidzimuka kwambiri, thupi limakhalabe tcheru ngati ngozi sinathe. Limafuna bata ndi kupuma pang'onopang'ono, osati phokoso. Mwana wanu Chisomo, amene munali naye m'minibasimo, nayenso wayamba kunjenjemera. Azakhali akuti apite kwa mneneri. Ndakana. Lolemba ndikupita naye kwa mlangizi, ndipo palibe amene adzamukuwire.