Mpata M'pemphero la a Dumpha

Tsiku limene a Dumpha anaikidwa m'manda kunachita mitambo kuyambira m'mawa, koma mvula sinagwe. Kunalibe mphepo, kunalibenso dzuwa. Anthu anabwera ndi maambulera n'kubwerera nawo chipindire. Mwamuna wa malemuwo, mmisiri wa matabwa amene anakhoma mabenchi akumbuyo m'tchalitchi chathu, anaima pambali pa dzenje manja ali m'matumba a jekete. Sanalire. Abusa atamupempha kuti anenepo mawu, anapukusa mutu. Zimene akananena tsiku lija ndi izi.

A Dumpha anabadwira m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika. Bambo awo anali mlonda, mayi awo ankachapa zovala za anthu. Dzina loti Dumpha analitola ku kwaya ya ana. Mawu anali nawo abwino, koma nyimbo ikafika pa mzere wina ankatseka pakamwa, n'kudzalowanso pa mzere wotsatira. Mphunzitsi wa kwaya anayesa kuti mwanayo sanaloweze.

"Iwe, pamenepa ukudumphiranji?"

"Pamenepo pakuti ndasiya zanga zonse chifukwa cha Mulungu, aphunzitsi. Ine sindinasiye. Ndili ndi nsapato zatsopano."

Ana anzawo anaseka mpaka kugwirana. Mphunzitsi anakoka a Dumpha khutu. Sabata yotsatira anadumphanso pomwepo, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka imvi.

Atakula analowa ntchito yosita pa malo ena ochapira zovala. Kumeneko n'kumene mmisiri anawapeza, ataitanidwa kudzakonza tebulo lositira limene linkagwedera mwendo. Atamaliza anafunsa ngati lakhala bwino.

"Kugwedera kwasiya," anatero a Dumpha. "Koma msomali uwo mwaukhoma mokhota."

Mmisiri anauzula n'kukhoma wina. Kuyambira pamenepo anayamba kudzera msewu umenewo ngakhale kunalibe tebulo lothyoka. Tsiku lina analimba mtima n'kufunsa ngati amamukonda.

"Panopa ayi. Koma ndikakuonani mukubwera sindikhumudwa. Mudzafunsenso."

Anadzafunsanso patapita miyezi, ndipo yankho linali lakuti, "Tsopano inde." Mmisiri sanafunsenso funso limenelo moyo wake wonse. Panalibe chifukwa.

M'tchalitchi a Dumpha anatenga ntchito yochapa ndi kusita nsalu za pa tebulo la mgonero, ndipo sanaitule mpaka manja atakana. Ankayenderanso odwala. Sankawauza kuti muchira, pakuti iwo sankadziwa. Ankangoti, "Ndabwera," n'kuvula nsapato, kuchotsa zofunda zakuda pabedi, kukazichapa, kenaka n'kukhala pampando pafupi ndi wodwalayo. Odwala ambiri ankaitanitsa iwowo kusiya alaliki.

Mulungu anawapatsa ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Wamwamunayo atangoyamba sukulu anatentha thupi, ndipo sabata isanathe anamwalira. Bokosi analikhoma mmisiri yekha, chitseko cha shedi atatseka. A Dumpha anasita malaya a sukulu oti mwanayo avale, kolala ndi manja omwe.

Lamulungu lotsatira anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse. Mpingo unayamba pemphero limene Ambuye anaphunzitsa ophunzira awo, ndipo a Dumpha ananena nawo. Koma atafika pa mawu opempha kuti chifuniro cha Mulungu chichitike, anatseka pakamwa. Mzere wotsatira analowanso. Mmisiri, amene anali pambali pawo, anaumva mpatawo. Anaganiza kuti pakatha mwezi zitha. Mwezi unatha, chaka chinatha, mwana wamkazi anakula n'kukwatiwa, mpata uja uli pomwepo.

Sanajombe kutchalitchi, sanasiye kugwada, sanasiye kusita. Sanauzenso munthu kuti achite monga iwo. Koma m'tchalitchi makutu ndi ambiri. Pamene amayi ankafuna kuwasankha kukhala wapampando wawo, mayi wina anaimirira n'kufunsa kuti angatsogoleredwe bwanji ndi munthu wokwiyira Mulungu.

"Akunena zoona pang'ono," anatero a Dumpha. "Sankhani wina."

Anasankhadi wina, ndipo Loweruka lake a Dumpha anabwera kudzatenga nsalu.

Abusa a nthawi imeneyo anawayendera kunyumba. Anakhala pa mpando umene mmisiri anapanga, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Mayi, mawu amenewa ambirife timawanena kuti mtima utsatire pambuyo."

"Ena zimawathandiza, abusa, ndipo sindiwatsutsa. Koma wangawu ndimaudziwa. Ukaona kuti pakamwa patsogola, umakhala pansi."

"Nanga mudzanena liti?"

"Zikadzakhala zoona. Ndikayamba kunamiza Mulungu, nditsala ndi ndani woti ndizimuuza zoona?"

Abusa anamaliza tiyi wawo. Potsanzika anati, "Chabwino. Ife tizikunenerani mpaka mudzafike."

Ukalamba unafika ndi matenda. Simbi inayamba kuwalemera, kenaka ndi kapu yomwe. Dokotala anauza mmisiri kuti apite nawo kunyumba akawasamale. Mmisiri anasuntha bedi kuliika pafupi ndi zenera. Imfa sankaiopa kwenikweni, pakuti mabokosi anali atakhoma ambiri. Chimene chinkamudya n'chakuti akazi ake angapite kukaonana ndi Mulungu mpata uja uli chitsegukire. Munthu amene sankapempha kanthu kwa aliyense anayamba kupempha.

"Amayi, ingonenani. Ndi mawu ochepa."

"Amisiri, inu mungatenge thabwa lofumbwa n'kulipaka vanishi?"

"Ena amatero."

"Ndafunsa inuyo."

"Ayi."

"Ndiye mukufuna muyambire pa ine?"

"Angadziwe ndani?"

"Amene ndikuwauzawo."

Mmisiri anatuluka n'kukakhala mu shedi osagwira chida chilichonse. Mawa lake anapemphanso, ndipo anakanidwanso. Zinakhala choncho masiku ambiri. Mwana wawo wamkazi, amene anabwera kudzathandiza kudwazika, ankati, "M'nyumba muno muli miyala iwiri, wina ukugogoda unzake. Tione uyambe kusweka uti." Palibe unasweka.

M'mawa wina mwanayo atatsegula makatani n'kupita kukhitchini, a Dumpha anaitana mwamuna wawo.

"Amisiri, bokosi la mwana lija munalipala bwino m'kati?"

Zaka zonsezi anali asanafunsepo za bokosilo.

"Ndinalipala."

"Munalibe zobaya?"

"Munalibe. Ndinayendetsamo dzanja konsekonse."

A Dumpha anayang'ana kudenga. Panja galimoto ina inkavuta kulira, anthu akuikankha.

"Tiyeni tipemphere," anatero iwo.

Anayamba pemphero lija limodzi. Atafika pa mzere uja mmisiri ananena msanga monga anazolowera, kuti adutse pampatapo. Koma anamva mawu ena pambali pa ake. A Dumpha anawanena pang'onopang'ono, osanjenjemera, ngati munthu amene akuuza mlendo njira. Anamaliza pemphero lonse.

Mmisiri anangowayang'ana.

"Musandifunse kuti zatheka bwanji," anatero iwo. "Ndadzuka lero, ndapeza kuti ndi zoona. Mundipatseko madzi."

Anamwa pang'ono n'kugona. Anamwalira masana a tsiku lomwelo, dzuwa lili pa bulangete, mwamuna wawo ndi mwana wawo ali pomwepo. Sanavutike.

Pamaliro ena anati a Dumpha anali amakani, ndipo sananame. Koma makani awo sanali ofuna zawo. Akanatha kuleka kupemphera, monga ambiri amachitira mwana akamwalira. Akanathanso kumanena ndi pakamwa pokha, n'kukhala wapampando, anthu n'kumawatama. Iwo anabwerabe pamaso pa Mulungu Lamulungu lililonse ali monga analili, osawonjezera ngakhale mawu amodzi. N'chifukwa chake tsiku limene ananena mawuwo, panalibe wokayika. Chimene atisiyira n'chimenecho: munthu amene ayi wake ndi weniweni, inde wakenso akabwera amakhala woti n'kutsamirapo.

Lamulungu lotsatira maliro mmisiri anakhala pa benchi yawo yakale, mwana wake wamkazi ali pambali. Pamalo pa akazi ake panali chipewa cha mmisiriyo. Mpingo unayamba pemphero, iye n'kunena nawo. Atafika pa mzere uja anapeza kuti pakamwa pake patsekeka. Mwana wake anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Bambo?" ananong'ona.

Mmisiri sanadzikakamize. Anadikira kuti mzerewo udutse, n'kulowanso pa wotsatira. Mapemphero atatha anapinda nsalu za pa tebulo la mgonero, n'kupita nazo kunyumba kukachapa.