Mchenga Wakuda mu Mtondo Wanga

Chitsime cha pakhomo pathu ku Matema anakumba ndi amuna anga, chaka chomwe tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha. Tinkagona m'chisakasa, nyumba isanamangidwe, koma iwo anati madzi kaye. Zitsime zambiri kuno n'zamchere. Chathu chinatuluka madzi okoma, moti mzere wathu wonse unkatunga kwathu. Bambowo akafuna kudzitama sankatchula makamyau, magalimoto aakulu a katundu, amene ankakonza, ankangoloza chitsimecho.

Anali makaniko. Malasha a ku Moatize atayamba kuyenda makamyau anachuluka, ndipo oliyo wopsa, wakuda uja amakhetsa mu motolo ya galimoto, ankabwera kunyumba m'mabidau, zigubu zikuluzikulu. Kuno oliyo ameneyu sititaya. Timapaka mitengo ya denga kuti chiswe chisadye, timawaza pabwalo kuti fumbi ligone, komanso timathira m'chimbudzi kuti ntchentche ndi fungo zithe. Amuna anga ankathira mosaumira, akumati tizilombo tonse ta matenda tifere momwemo.

Patapita zaka, tiyi anayamba kununkha ngati ofisina yokonzera magalimoto. Ndikasiya ndowa padzuwa, pamwamba pa madzi pankaoneka timizere tonyezimira ngati pakhosi pa nkhunda. Nditawauza amuna anga, anati ndi ndowa yanga yosatsuka. Ine, wotsuka ndowa ndi phulusa mpaka zala kusupuka! Tsiku limenelo sindinawayankhule.

Chitsirizira wathu, mtsikana, ankaphunzira za sayansi ku Maputo. Atabwera pa feriya, sukulu itatsekera, ananunkhiza madziwo, n'kuyang'ana chimbudzi, n'kuyang'ana chitsime. Kenako anatulutsa m'chikwama kabotolo ka ufa wakuda umene ankaugwiritsa ntchito pa maphunziro ake. Anatunga madzi mu kopo, n'kudontheza oliyo, n'kuwazapo ufawo pang'ono. Atagunditsa maginito m'mbali mwa kopo, oliyo yense anathamangira kumeneko pamodzi ndi ufa, madzi n'kutsala mbee.

Anatifotokozera kuti ufawo ndi tizitsulo tating'ono kwambiri, toti kamodzi diso silingakaone, ndipo amatikuta ndi mankhwala okonda kumata oliyo. Tina amatikuta ndi siliva kuti tiziphe tizilombo ta matenda m'madzi. Anati akatswiri akuyesa ngati angamayeretse nato oliyo wotayikira m'nyanja.

"Ndiye thira m'chitsimemo," anatero bambo ake.

"Sizingatheke, Papa. Ufawu ndi woyesera chabe. Komanso oliyo wanu ali m'nthaka, pakati pa chimbudzi ndi chitsime. Mutachotsa lero, mawa atulukanso. Madziwa musamamwe."

"Chimbudzi chalowa bwanji pankhaniyi?"

Atafunsa choncho, bambowo anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba.

Mwanayo atabwerera ku sukulu, ine ndinayamba kukatunga madzi akumwa ku fontenariyo, mpopi wa onse, ndipo ndinauza anansi kuti chitsime chikudwala. Amuna anga sanavomere. Anamasula maginito aakulu pa sipika ya wailesi yakufa, n'kumatsika nawo ku mtsinje wa Revubwe. Ana a kuno amadziwa kuti ukakoka maginito mumchenga wa m'mphepete mwa mtsinje, amatuluka atamera ndevu za mchenga wakuda. Bambowo anaganiza kuti ufa wa mwana wawo ndi mchenga womwewo, kungoti wosinja bwino. Ankabwera nawo m'zitini, thukuta lili kamukamu, dzuwa la Tete lija loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa galimoto.

Ndiye tsiku lina ndikubwera kumsika ndinamva kugunda kwa munsi. Ndinawapeza akusinja mchengawo mu mtondo wanga wa nsinjiro.

"Inu abambo, mwapenga kodi? Mtondo wodyera umenewo?"

"Ndikugulirani wina."

"Mwana uja anakuuzani chiyani? Mesa munali pomwepo?"

Anapitiriza kusinja, mopanda luso, munsi ukugunda m'mphepete, poti chibadwire anali asanasinjepo. Azimayi oyandikana nafe ankasuzumira pampanda. Ndinakalipa mpaka mawu anandithera, kenako ndinangoima n'kumawayang'ana: munthu wa imvi, malaya atamata pamsana, akusinja mchenga anthu akuona. Chisoni chinandigwira. Ndinazindikira kuti mwanayo anamumva bwinobwino. Chimene sankatha kumeza n'chakuti dzanja lomwe linakumba chitsime ndi lomwelo linachiwononga, ndipo linatero pofuna kutiteteza ku matenda.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga sefa wanga wa ufa. Iwo ankasinja, ine ndikusefa. Ndinkadziwa kuti n'zopanda pake, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati ndinachita bwino. Mwina mkazi wanzeru akanawalanda munsiwo. Koma pali zinthu zina zimene munthu amafunika azione ndi maso ake, ndipo ndinaona kuti ndi bwino pozionapo asakhale yekha.

Anathira ufa wathuwo m'chitsime, n'kumangirira maginito kuchingwe, n'kumatsitsa ndi kukweza tsiku lonse. Maginito ankatuluka ndi mchenga wawo womwewo, poti unangomira pansi. Anati tidikire madzi adikhe.

M'mawa mwake anatunga okha. Anathira mu kopo n'kupita nayo padzuwa, ine ndili pambuyo pawo. Timizere tija tinali pomwepo, tikuzungulira pang'onopang'ono. Anakweza kopoyo mpaka pafupi ndi milomo, ndipo ndinaganiza kuti amwa dala, chifukwa liuma lawo ndimalidziwa. Anaima choncho kanthawi ndithu. Kenako anakhuthulira madziwo pansi.

"Mayi," anatero osandiyang'ana, "simenti yotsala ija tinaika kuti?"

Ndinawauza kuti ili kuseri kwa chitseko. Anakatenga okha, ndipo ine ndinapita ku fontenariyo kukatunga madzi oti akandire simenti yotsekera chitsimecho.