Nyimbo ya M'chigafa cha ku Chiosya

Ine ndinakulira ku Kapondo, kumene munthu umakamupeza pomwe unamusiya. Choncho pamene ndinkajambula nyimbo za matenanti pa esiteti ina ya fodya ku Chiosya, sindinaone chifukwa chofulumira.

M'chigafa momwe ankasokera fodya munali banja lina lochokera ku Phalombe. Mayiwo ankatsogolera nyimbo ya Chilomwe, amuna awo n'kumayankha ndi mawu okhuthala, manja ali pa masamba. Nditawamvetsera zomwe ndinajambulazo, mayiwo anaseka mpaka misozi. Ankati bambowo amaimba ngati ng'ombe yanjala, koma anapempha kuti ndibwerezenso.

"Aphunzitsi, mudzatiikire pa khadi ya foni," anatero. "Ana kumudzi akamve kuti bambo awo amathanso kuimba."

Ndinawalonjeza kuti ndibweretsa khadiyo nkhani yomwe ndinkalemba yokhudza nyimbozi ikatuluka, kuti adzaonere limodzi zonse.

Nkhaniyo ndinaitumiza ku magazini ya akatswiri a nyimbo ya pa intaneti, ija aliyense amawerenga mwaulere. Ndinaisankha dala, poti zinkandinyansa kuti nyimbo za anthu osauka zizitsekeredwa kuti awerenge olemera okha. Koma ntchito yake ndi yosungulutsa. Umalemba wekha, n'kumakangana ndi akatswiri oyesa nkhani omwe sudzawaona nkhope. Wina anafuna kuti ndifotokoze chifukwa chake mwamunayo amalowa mochedwa poyankha. Ndinalakalaka kumuuza kuti munthuyo amayamba wameza malovu, poti fodya amaumitsa kukhosi. Kunyumba ndikayamba kukamba zimenezi, aliyense ankakumbukira ntchito ina panja.

Fodya anakololedwa, anagulitsidwa, anadzalidwanso. Nkhani itatuluka, pamodzi ndi nyimbo yake yoti munthu angodina n'kumva, ndinasowa woti ndisangalale naye. Ndinagula khadi ija, ndinaikamo nyimbo, ndinakwera kabaza wa ku Chiosya.

M'chigafa muja ndinapeza nkhope zachilendo zokhazokha. Kapitawo wa pa esitetiyo anandizindikira, ndipo anandiuza kuti bambo aja anamwalira dzinja lathali atangodwala pang'ono. Munda wa utenanti umalembedwa m'dzina la mwamuna, ndiye mayiwo sakanakhala. Anakwera lole limodzi ndi ena omwe ankabwerera kwawo. Nditafunsa mudzi wawo, kapitawo anapukusa mutu. Pa esiteti onse ankangowaitana kuti a ku Phalombe, ndipo inenso ndinkawaitana choncho.

Ndinakhala pa chitsa, mtima uli zii. Munthu wa ku Ulaya amene sanaonepo chigafa akhoza kumva bambo aja akuimba nthawi iliyonse, osalipira kanthu. Mkazi wawo ndi ana awo sakudziwa n'komwe kuti mawuwo akadalipo.

Matenanti atsopanowo, ochokera ku Dedza, anapempha kuti ndiwaikire amve chomwe ndinabwerera. Ndinatsegula foni. Anamvetsera mwaulemu, koma nyimboyo sankaidziwa, ndipo posakhalitsa manja awo anabwerera pa fodya. Mayi wina anafunsa kuti akuyankhawo ndani.

"Anali kukhala pomwe mwakhala inupo," ndinatero.

Anasuntha pang'ono n'kupitiriza kusoka. Nyimbo inatha, ndipo panalibe woti ndimubwerezere.