Mabuku Amene a Chautsi Anaotcha

Zaka makumi anayi ndi zitatu ndawadziwa a Chautsi, ndipo pa zaka zonsezi bodza lawo lalikulu lomwe ndikulidziwa ndi limodzi lokha. Koma linali lalitali, linakhala zaka zisanu ndi zinayi.

Dzina loti Chautsi analitengera ku ntchito. Iwo ndiwo ankaotcha zinyalala pa chipatala cha masisitere, pa ng'anjo ya njerwa kuseri kwa nyumba yachisoni. Malaya awo, chipewa, ngakhale mpango wa m'thumba, zonse zinkanunkha utsi. Akazi awo ankati, "Anzanga anakwatiwa ndi amuna, ine ndinakwatiwa ndi chikuni."

Chipatalacho anachiyamba ndi masisitere atatu, m'chipinda chosungiramo katundu cha parishi, ndi mabedi asanu ndi limodzi ndi ndowa ziwiri. Pamene a Chautsi ankalembedwa ntchito panali mawodi anayi, ndipo mwa atatu aja kunatsala mmodzi, amene tonse tinkangoti Mayi Wamkulu. Anali wamfupi, woyenda ngati wasiya mphika pamoto, makiyi ali m'chiuno.

Lamulo la pa ng'anjo analiika ndi Mayiwo. Mtolo uliwonse womangidwa ndi kansalu kofiira unali wa matenda oopsa: osamasula, osasuzumira, kungoponya pamoto. "Mukamasula, mukagawira ana anu kunyumba," ankatero. A Chautsi analisunga lamuloli zaka makumi atatu. Ntchito yawo ina inali kukumba ndi kulambula manda aang'ono kunja kwa mpanda, moikamo odwala amene abale awo sanabwere kudzawatenga. Pa mitanda yachitsulo pankalembedwa manambala okha. Mayina ankakhala m'mabuku a chipatala, pamodzi ndi mayina a ana onse obadwira pamenepo.

Chipatala sichinafe tsiku limodzi. Masisitere anakalamba, olowa m'malo mwawo anachepa, dokotala womaliza anachoka, ndipo odwala anayamba kudutsa pageti kupita ku chipatala chatsopano cha kumsewu waukulu. Wodi ya amuna inatsekedwa, kenako ya ana. Yomaliza inali ya amayi oyembekezera.

Tsiku loti masisitere asamuke, Mayi Wamkulu anali atafooka kale maso. Anakulunga okha mabuku khumi ndi awiri m'nsalu zakale zogonera, mitolo itatu, napisa dzanja m'chitini cha timansalu tomangira. Anatulutsa tofiira osadziwa. Mitoloyo anaisiya pakhonde la ofesi kuti ikwezedwe pa lole.

A Chautsi anadutsa ndi wilibala. Atanyamula mtolo woyamba anamva kulemera kwachilendo, ndi ngodya zolimba zowabaya pamimba. Mtima unawauza kuti awa si mabandeji. Pamwamba panali pepala lolembedwa zilembo zikuluzikulu, ndipo anamwino awiri anali pomwepo akumanga makatoni. Koma a Chautsi sadziwa kuwerenga, ndipo zaka zonsezo anali atabisa. Akapatsidwa pepala ankapapasa m'thumba n'kunena kuti aiwala magalasi. Anaona kuti kufunsa kukhala kudzivula pagulu. Anadziuza kuti lamulo ndi lamulo, nakankha wilibala.

Nsalu zitapsa, mabuku anatseguka okha m'moto, masamba akupindika limodzilimodzi. Anayesa kuvuula ndi fosholo. Chomwe anatulutsa ndi chikuto chimodzi chakuda.

Galimoto ya masisitere itatsala pang'ono kunyamuka, Mayi Wamkulu anawaitana pazenera.

"A Chautsi, mabuku akwera?"

"Akwera, Mayi."

"Manda aja musawasiye."

"Sindiwasiya, Mayi."

Parishi inawasiya pomwepo kuti aziyang'anira malo. Ankasesa makonde opanda anthu, kuthamangitsa mbuzi m'wodi ya ana, ndi kulambula manda. Koma anthu ankabwerabe, ofuna tsiku limene anabadwa, ofuna m'bale wawo amene anasowa kalekale. Aliyense ankamuuza chimodzimodzi: "Mabuku anapita ndi masisitere ku nyumba yawo yaikulu." Kumeneko ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Akafika ankauzidwa kuti mabuku sanafike. Motero mbiri inawanda yoti masisitere anataya mabuku mosasamala, ndipo Mayi Wamkulu anamwalira chaka chachitatu mbiriyo ili pamutu pawo.

Akazi awo okha ndiwo ankadziwa. Tsiku lina akuwachapira malaya anati, "Bambo a ana, ng'anjo inazima kalekale koma mukununkhabe. Utsi umenewu suchoka ndi sopo." A Chautsi anangotenga chipewa n'kutuluka.

Sindikuwaikira kumbuyo. Kuotcha kunali kulakwitsa, ndipo aliyense amalakwitsa. Koma kukweza anthu basi ankachita maso ali poyera.

Chaka chachisanu ndi chinayi kunabwera mayi wina wa zaka ngati makumi atatu, mphunzitsi wa ana aang'ono. Anabadwira pa chipatalacho. Mayi ake anafika okha, anamwalira tsiku lomwelo, ndipo palibe m'bale anabwera. Iye analeredwa ndi banja lina lomwe silinkadziwa ngakhale dzina la womubereka. A Chautsi anali atamutumiza kale ku nyumba yaikulu ya masisitere. Tsopano anabweranso, ali ndi kachitsulo kosalala m'chikwama, koti alembepo dzina akakhome pamtanda.

Anawapeza akunola khasu pa masitepe a ofesi.

"Bambo, ndapitako kawiri," anatero mphunzitsiyo. "Ulendo wachiwiri anandilola kufufuza ndekha m'makabati. Mulibe. Kodi amenewa anali anthu a Mulungu otani, otaya mayina a anthu ngati makoko?"

A Chautsi anasiya kunola. Anayang'ana khonde pamene panali mitolo ija.

"Masisitere sanataye kanthu, mayi. Ndinaotcha ndine."

Anafotokoza zonse, za kansalu kofiira, za wilibala, za funso la pazenera. Mphunzitsiyo anamvetsera ali chilili, chikwama atachikumbatira.

"Ndiye munandikweza basi mukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Mwanena kuti panali pepala. Bwanji simunawerenge?"

"Sindidziwa kuwerenga, mayi." Aka kanali koyamba kunena mawu amenewa kwa munthu woti si mkazi wawo.

"Basi? Zomwezo?" anatero mphunzitsiyo. "Ana a zaka zisanu ndi chimodzi amandiuza zimenezo m'mawa uliwonse, ndipo palibe amene anafa nazo."

A Chautsi anamufunsa chaka ndi mwezi umene anauzidwa kuti anabadwa, natenga chipewa n'kumutsogolera kunja kwa mpanda. Manda onsewo anakumba ndi iwo, ndipo amawadziwa ndi zochitika. Chaka chimenecho ndi chomwe thanki ya madzi inagwa. Mwezi umenewo anaika amayi awiri a ku wodi ya oyembekezera sabata imodzi, mitanda yoyandikana, 61 ndi 62.

"Mmodzi mwa awiriwa ndi mayi anu. Uti, sindikudziwa. Dzina sindikudziwa."

Mphunzitsiyo anaima pakati pa mitanda iwiriyo nthawi yaitali. Kenako anatulutsa kachitsulo kaja n'kuwapatsa.

"Sungani inuyo. Ine ndatopa kukanyamula."

"Ndisanafe ndikupezerani dzina," anatero a Chautsi.

Lamulungu lotsatira anaimirira Misa itatha, chipewa m'manja, nauza mpingo wonse. Ena anawalalatira panja. Bambo wina amene anapita katatu kwa masisitere sawapatsabe moni mpaka lero, ndipo sindimunena kuti akulakwa.

Munthu mmodzi yekha wa m'wodi ija ndiye ali moyo, mzamba wokalamba amene akukhala kwa mwana wake wamkazi, ulendo wa maola awiri pa njinga. Mutu wake umabwera ndi kupita. Lachinayi lililonse a Chautsi amapalasa kukamuona, atatenga kope lomwe mphunzitsi uja anawatumizira. Akafika, mzambayo amawafunsa mwaukali, "Chautsi, mwaotcha kale? Ndowa zadzaza uko." Iwo amayankha kuti aotcha, nakhala pansi n'kuyamba kumukumbutsa za chaka cha thanki. Dzina likatuluka, mwana wa mzambayo amalemba m'kope.

Papita zaka ziwiri. Mwa njira imeneyi apeza mayina khumi ndi limodzi a mitanda ina, ndipo mabanja atatu abwera kudzaona manda awo. Koma akafika pa 61 ndi 62, mzambayo amangoti, "Wamtali uja, wa mawu ofatsa," n'kuyamba kufunsa za tiyi.

A Chautsi tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, ndipo pachitunda amatsika n'kumakankha njinga. Kachitsulo kaja kali pa msomali pamwamba pa chitseko chawo, kosalembedwa. Lachinayi lapitali kunagwa mvula, akazi awo anabisa pampu ya njinga, koma iwo anapitabe wapansi. Dzina lija sanalipezebe.