Polishi wa Kandulo m'Bafa

Nyumba yoyamba imene ndinagwirako ntchito inali ku Mangochi, kuseri kwa msika, kwa banja lina logulitsa nsomba zouma. Ndinachoka kwathu ku Chowe ndili mtsikana, ndisanapondepo matailosi chibadwire. M'nyumbamo munali bambo, amayi amene anandilemba ntchito, ndi mayi ake a bambowo, okalamba, amene tonse tinkawaitana kuti Anganga. Anganga anali ndi pakamwa, ndipo ndinkawaopa kuposa eni nyumba.

Madzi a pakhomopo ankachokera m'chitsime chokumba ndi makina n'kukwera m'thanki. Anali madzi amchere, okana sopo, ndipo paliponse pamene auma ankasiya zoyera zolimba. Bafa ndiye linali lochititsa manyazi. Matailosi ake anali abuluu, koma ankaoneka ngati wina wawaza ufa, ndipo galasi la shawa sunkaona nalo kuseri. Ndinakwecha ndi sopo waufa, zinakana. Ndinayesa phulusa ndi waya wotsukira mapoto mpaka zala kusupuka, koma ayi ndithu. Ukathira madzi zinkasowa, iwe n'kumati ndathana nazo, pouma n'kubwereranso zonse.

Sabata ina kunkabwera alendo a chikwati cha mlongo wawo wa bambo. Amayi anandiimika pakhomo la bafa n'kundiuza mosapsatira kuti ngati bafa lokha likundikanika, atsikana ofuna ntchito ndi ambiri pageti. Kubwerera ku Chowe chimanjamanja, mwezi wachiwiri usanathe, ndinkakuopa zedi.

Nzeru inandibwerera Lachinayi m'mawa, ndipo ndinadziona wochenjera. Ndinati, ngati zoyerazi zimabisala matailosi akanyowa, bwanji ndiwachititse kuoneka onyowa nthawi zonse? Kwathu simenti ya pabalaza timaiwalitsa ndi polishi wopanga tokha: umasungunula makandulo m'chitini, n'kuthiramo parafini, zikazizira n'kupaka. Ndinatenga makandulo awiri a pamene magetsi azima, ndinapanga polishi wanga kuseri kwa khitchini, n'kupaka bafa lonse, pansi ndi m'makoma, ngakhale galasi. Ndinapukuta ndi chiguduli mpaka thukuta kamukamu. Abale, linawala bafa lija. Ndinatsegula zenera kuti fungo lituluke. Amayi anasuzumira ali pakhomo, n'kunena kuti tsopano ndayamba kugwira ntchito ngati munthu. Sanafunse kuti ndatani, inenso sindinanene.

Masana azana yoitanira anthu ku swala inamveka ku mzikiti, ndipo Anganga analowa m'bafa kukapanga wudhu, kutsuka nkhope, manja ndi mapazi kuti akaswali. Ine ndinali panja ndikuyanika zovala. Ndinamva madzi akutuluka pampopi, kenako chiphokoso chimodzi cholemera, ngati thumba la chimanga lagwa pa njinga. Kenako zii. Anganga, munthu wokalipa ndi supuni yomwe ikagwa, sanatulutse mawu.

Ndinasiya zovala n'kuthamangira m'nyumba. Ndinadziwa nthawi yomweyo. Popanga wudhu munthu amakweza phazi limodzi kuti alitsuke, linalo n'kutsala lokha pansi ponyowa. Simenti ya kwathu sitithirapo madzi tikapaka polishi, ndipo ine chitsiru sindinaganizeko zimenezo.

Ndinawapeza atagona chammbali, tsaya lili pa matailosi, mwendo utapindika moopsa. Maso anali otsegula. Amayi analowa mothamanga, nawonso n'kuterereka pang'ono, koma anagwira chitseko ndipo m'chipwirikiticho sanalabadire. Bambo anabwera kuchokera ku msika ndi galimoto ya mnzawo, n'kuwanyamula pabulangete. Powatulutsa, Anganga anandiyang'ana. Sindikudziwa kuti anandiyang'ana nthawi yaitali bwanji, koma ine ndinaona ngati sachotsanso maso.

Onse anapita kuchipatala, ine n'kutsala ndekha m'nyumba. Ndinaganiza zothawa. Ndinafika potenga chikwama changa, koma ndinazindikira kuti wothawa ndiye wadziulula, ndipo ku Chowe si kutali, apolisi afikako tsiku lomwelo. Nanga akamwalira? Ndiye kuti ine ndapha mayi wa munthu ndi makandulo awiri. Machesi anandithera atatu ndisanayatse mbaula.

Ndinawiritsa madzi, n'kukwecha bafa lija ndi sopo waufa nditagwada, ndikulira, khutu lili ku geti. Njinga ya kabaza ikangoima panja, ndinkathamangira kukasuzumira pazenera. Polishi anachoka, koma fungo la parafini linakana. Ndiye ndinakumbukira kuti tikatumbula nsomba timachotsa fungo m'manja ndi mandimu, ndipo kuseri kwa nyumbayo kunali mtengo wake. Ndinathyola odzaza m'chitenje, ndinawadula pakati n'kumakhuta nawo thailosi lililonse, ndi galasi lomwe. Nditabwerera pamene ndinayambira, ndinaona zoyera zija zafewa, zikuchoka ndi chala chokha. Ndinatsuka, ndinapukuta, ndinadikira kuti paume. Sizinabwerere. Ndinakhala pansi m'bafa loyera mbee, ndipo sindinakondwe ngakhale pang'ono. Mtengo umenewo ndinkaudutsa tsiku lililonse popita kukataya zinyalala.

Madzulo amayi anabwera kudzatenga zofunda. Anati fupa la m'chiuno lathyoka, ndipo pa msinkhu umenewo madokotala sakulonjeza kanthu. Ndinafunsa ngati Anganga ayankhula. Anati eya, anena kuti anamva chizungulire. Sindinakhulupirire kuti zathera pomwepo. Ndinati mwina mutu sunabwerere bwino, akakumbukira anena. Chikwati chinachitika mwakachetechete, alendo anayamikira bafa. Foni ya amayi ikalira ndinkasiya chimene ndikuchita n'kumvetsera.

Patapita masabata angapo Anganga anabwera kunyumba, owonda, osatha kuima. Ntchito yowatengera beseni ndi ketulo kuchipinda nthawi ya swala inagwera ine. Masiku oyamba sanandiyankhule, ine sindinkawayang'ana kumaso. Tsiku lina masana, ndikuwatsuka phazi lakumanja, anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Mwana iwe," anatero motsitsa, "ine ndakulira pa koloboyi. Fungo la parafini sindingalisokoneze ndi china. Ndinagona pansi paja mphuno ili pa matailosi."

Ndinaika ketulo pa mkeka. Ndinafuna kupepesa, koma chimene chinatuluka ndi funso lamanyazi.

"Anganga, mwawauza?"

"Ndikanawauza, bwenzi uli muno? Mwana wanga ndimamudziwa mtima wake. Ndanama pa ukalamba wanga chifukwa cha iwe, ndipo zimenezo ndikayankha ndekha kwa Mulungu. Tsuka phazi linalo, nthawi ikupita."

Ndinatsuka. Sananene kuti andikhululukira, ndipo sanabwerezenso nkhaniyo. Kukalipa sanasiye: madzi atentha, madzi azizira, thaulo silinaume. Ndinkangovomera zonse.

Ndinakhala pakhomopo zaka zina ziwiri. Anganga sanaimenso pa miyendo yawo, ankaswali atakhala pampando. Bambo ankalowa m'chipindamo m'mawa uliwonse kudzawapatsa moni, ndipo nthawi zina ankadandaula kuti chizungulire chimenechi chinachokera kuti kwa munthu amene sanadwalepo. Ine ndinkakhala pakona ndi beseni langa, maso ali pakamwa pa Anganga, kudikira tsiku limene ndidzawakwiyitse mokwanira. Ndinawakwiyitsa kambirimbiri. Anamwalira osanena, ndipo mwana wawo mpaka lero amadziwa kuti mayi ake anagwa ndi chizungulire.